Walira Galimoto Walira Sipanala

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu tikuupereka lero kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto pakhomo pawo. Ambiri a iwo anasunga ndalama zaka zingapo, ena anachita kutenga ngongole, kuti agule galimoto yogwirapo kale ntchito ku Japan, yomwe inatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa eni galimotozi sadziwa ngakhale potsegulira boneti. Iwo amayesa kuti ntchito yawo ndi kuthira petulo ndi kugwira chiwongolero basi, ndipo amakumbukira injini tsiku limene yawakanika pakati pa msewu.

Nkhaniyi ikukhudza dziko lonse. Malawi alibe doko, ndipo mafuta a galimoto amatifika kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha m'galimoto timachigula kunja ndi ndalama zakunja, zomwe alimi athu amazipeza movutikira ndi fodya, tiyi ndi shuga. Ndalama yathu ya Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inatsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamenepo mitengo ya matayala, oyilo ndi masipeya inakwera. Tsono munthu akapha injini chifukwa chosayang'ana oyilo, ndalama zakunja zogulira injini ina zimachoka m'thumba lomwelo logulira mankhwala a m'zipatala ndi feteleza.

Akuluakulu akukumbukira kuti pofika chaka cha 1984 nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira njira zazitali ndi zodula. Masiku amenewo anthu anaphunzira kusunga nati iliyonse, ndipo galimoto zakale zinkayendabe chifukwa eni ake ankazidziwa monga mlimi adziwira ng'ombe zake. Mtima wodzidalira womwewo ndiwo unachititsa kuti mu 1982 tiyambe kupanga ethanol ku Dwangwa ndi kumusakaniza ndi petulo. Mtima umenewo ukufunikanso pakhomo la aliyense wa ife.

Ntchito zimene tikunena pano si zovuta. Kamodzi pa mlungu, m'mawa injini isanalire ndipo galimoto itaima pamalo osapendekeka, mwini wake asolole kachitsulo koyezera oyilo, akapukute, akabwezere, ndi kukasololanso. Oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri zolembedwa pa kachitsuloko. Ngati akuoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa m'injini, ndipo galimoto isayendenso kufikira makaniko ataiona. Ayang'anenso madzi oziziritsa injini ndi mafuta a mabuleki. Chivundikiro cha radiyeta sachitsegula injini ili yotentha, pakuti madzi owira amathovoka ndi kuwaula nkhope ndi manja.

Misewu yathu yambiri ndi yafumbi, makamaka kuyambira mwezi wa August mpaka mvula yoyamba. Fumbi limatseka sefa ya mpweya, ndipo injini yosowa mpweya imafooka. Sefa yong'ambika ndiyo yoipa koposa, chifukwa imalola mchenga kulowa ndi kupala zitsulo zam'kati. Kuchotsa sefa, kuikuntha kapena kuikamo yatsopano ndi ntchito yosatha ngakhale theka la ora. Kusintha oyilo pamodzi ndi sefa yake kumafuna sipanala, beseni ndi kuleza mtima. Buku la galimoto iliyonse limanena mtundu wa oyilo woyenera ndi mtunda wosinthira, ndipo woyenda m'fumbi kawirikawiri amachita bwino kusintha msanga. Oyilo wakudayo asathiridwe pansi kapena m'ngalande, chifukwa amakafika m'zitsime zimene ana athu amamwa.

Matayala nawonso ali ndi chilankhulo chawo. Mpweya wake uyezedwe asanatenthe, molingana ndi manambala olembedwa pa chimango cha chitseko cha dalaivala kapena m'buku. Tayala lochepa mpweya limadya mafuta, limatha m'mbali, ndipo limatentha mpaka kuphulika. Tayala lotha mbali imodzi likunena kuti miyendo ya galimoto yapotoka. M'mizere ya tayala muli timipanda timene timaonekera mzere ukatsala mamilimita 1.6, ndipo pamenepo tayala latha. Pambali pake pamalembedwa manambala anayi osonyeza mlungu ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti mlungu wa 23 m'chaka cha 2019. Wogula matayala a kaunjika awerenge manambala amenewa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Batire imafuna kuti mitu yake ikhale yoyera ndi yomangika bwino. Pochotsa batire timayamba kumasula waya wa chizindikiro chochotsera, ndipo pobwezera timamanga waya womwewo pomalizira. Batire yothira madzi imafuna madzi ake enieni osungunulidwa, osati a pachitsime. Magetsi onse, akutsogolo, akumbuyo, a mabuleki ndi okhotera, ayesedwe mwana kapena mnzanu ataima panja kukuuzani amene sakuyaka. Munthu wochita zimenezi sachita mantha tsiku lokayezetsa galimoto kuti apeze chiphaso cha COF, ndipo sayesedwa kupereka chiphuphu pa msewu.

Tiyeneranso kunena mosabisa kuti kudzikonzera kuli ndi malire. Safunsa anadya phula. Palibe munthu wanzeru amene amalowa pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha kapena yotsamira pa njerwa, chifukwa jeke imagwa ndipo njerwa zimaphwanyika. Pafunika zochirikizira zachitsulo, nthaka yolimba ndi miyala yotsekera matayala. Injini siliritsidwa m'chipinda chotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Mabuleki ndi chiwongolero zimanyamula miyoyo ya anthu, choncho wosaphunzira azisiyire odziwa. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta imene imafuna makina ake oyezera, ndipo zija zoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Prius ndi Aqua, zili ndi batire yaikulu yamphamvu yokhoza kupha munthu. Mawaya ake amtundu wa lalanje asakhudzidwe pakhomo.

Alipo ena amene anganene kuti tikulanda nsima pakamwa pa amakaniko a ku Ndirande, ku Biwi ndi m'maboma monse. Ife sitikuona choncho. Mwini galimoto wodziwa zoyambirira amapita kwa makaniko msanga, vuto lidakali laling'ono, ndipo amalongosola bwino chimene wamva kapena kuona. Makaniko wachilungamo amakondwera ndi munthu wotere. Amene adzadandaule ndi okhawo amene amadyera pa umbuli wa anzawo, ochotsa chitsulo chabwino ndi kuikamo chabodza. Amakaniko ophunzira, otuluka m'sukulu zaluso monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Salima ndi Mzuzu, ntchito yawo sidzatha.

Kwa ogwira ntchito m'Boma tili ndi mawu apadera. Nkosayenera kuti munthu azipukuta galimoto yake tsiku ndi tsiku pamene ya Boma, imene amayendera ku ntchito, akuiyendetsa yopanda oyilo namati ilibe mwini. Mwini wake alipo: ndi mayi wogulitsa tomato pa msika ndi mphunzitsi wa kumudzi, amene misonkho yawo inagula galimotoyo. Ambulansi imodzi ikakhala pa miyala kuseri kwa chipatala, mayi woyembekezera amanyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo. Dalaivala wa Boma ayang'ane oyilo, madzi, matayala ndi magetsi m'mawa uliwonse, alembe zimene wapeza, ndipo mkulu wake achitepo kanthu. Koma galimoto ya Boma isamasulidwe kunyumba kwa munthu. Ikonzedwe motsata malamulo a ofesi. Wochotsa batire kapena tayala pa galimoto ya Boma kuti aike pa yake ndi wakuba, ngakhale atavala nsalu ya Chipani.

Tikupempha tsono apampando a nthambi ndi madera kuti akonze tsiku limodzi Loweruka, aitane makaniko wodalirika wa m'dera lawo, amulipire moyenera, kuti aphunzitse anthu ntchito zoyambirirazi. Amayi akhalepo, pakuti ambiri a iwo akuyendetsa galimoto. Achinyamata a kabaza akhale patsogolo, chifukwa tcheni, mabuleki ndi oyilo wa njinga yamoto ndiwo moyo wawo ndi wa anthu amene amawanyamula. Mtsogoleri amene amalankhula za kudzidalira pa msonkhano ayambe iye kuvula jekete ndi kutsegula boneti anthu ake akuona. Zida zoyambira ndi zochepa: masipanala angapo, pulayala, sikuludalaivala, choyezera mpweya ndi nsanza. Mtengo wake wonse sufika pa mtengo wa injini imodzi yophedwa ndi ulesi.