Kubweza dzanja kuzikhala ndi mtengo wake

Pabawo, kaya ndi pa Furancungo kaya pamsika wa Tsangano, pali lamulo losafuna woweruza: ukatola nkhomo m'dzenje, dzanja silibwerera. Maenje ndi 32, nkhomo 64, koma mkulu amakhala duu, chala chikuyendayenda pamwamba pa maenje, milomo ikugwedera powerenga, podziwa kuti akaphonya dzenje limodzi mnzake amudya mpaka kumusiya manja lende. Oonerera amaunjikana chifukwa cha mantha amenewo.

Masewera a pafoni ndi pakompyuta abweretsa mkangano womwewu. M'masewera ambiri umapatsidwa munthu woti umulere. Ukapambana nkhondo umalandira mapointi, ndipo umasankha wekha kuti apite ku mphamvu, ku liwiro kapena ku matsenga. Nanga ukazindikira kuti unagawa molakwika, azikulola kufufuta zonse n'kugawanso?

Kampani ya Blizzard inayesa njira zonse. Diablo II itatuluka mu 2000, pointi ukaika waika basi. Wolakwitsa ankayamba kulera munthu wina, ndipo anthu anasewera choncho mpaka mu 2010, pamene kufufuta kunaloledwa, koma mwa apo ndi apo. Diablo III ya mu 2012 inamasula zonse, luso kumangosintha nthawi iliyonse, kwaulere. Osewera akale anadandaula kuti msilikali wako ndi wa mnzako sakusiyananso, ndiponso kuti panalibe chifukwa cholerera wachiwiri wa mtundu womwewo. Ndikuwamvetsa. Munthu amene ungamusandutse chilichonse m'kamphindi sumukonda, ndipo masewera ake umawasiya msanga. Mu World of Warcraft ya mu 2004 zinali zina: kufufuta koyamba unkalipira golide mmodzi wa m'masewera momwemo, kenako 5, kenako 10, kukwera mpaka 50.

Njira imeneyi ndiyo ndikuikira kumbuyo, ndipo chifukwa changa chili konkuno. Mnyamata wa ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo wa Mbalame amasewera pafoni ya achimwene ake, galasi lake losweka pakona. Walipira kotchajitsa pa sola, wagula bandulo ya Movitel ndi ndalama ya ganyu yokumba mbatatesi kapena yosoka fodya. Mayina a luso alembedwa m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi, ndiye poyamba amagawa mongoyerekeza. Kumuuza mwana wotere kuti zonse zimene walera nyengo yathunthu azitaye ndi kumuthamangitsa. Bawo ukaluza mumayalanso nkhomo tsiku lomwelo, koma uku n'kutaya miyezi ndi mametikali.

Choncho kufufuta kukhalepo, koma kuzimveka kupweteka. Elden Ring ya mu 2022 inachita bwino pamenepa: kuti ufufute, uyambe wagonjetsa mdani wotchedwa Rennala, kenako umupatse Larval Tear, chinthu chimene chimapezeka chowerengeka. Ukakhala nacho umaganiza kawiri usanachigwiritse ntchito, ndipo chisankho chimakhalabe cholemera.

Chimene ndikukana kwamtuwagalu ndi kulipiritsa ndalama zenizeni. Mtengo uzikhala thukuta la m'masewera momwemo, kuti mwana wa mlimi ndi mwana wa mwini golosale alipire mofanana. Kampani imene imadyera pa kufufuta ilibe chifukwa chofotokozera bwino luso lililonse, pakuti mwana akalakwitsa kugawa ndi pamene iyo imagulitsa.