Wopereka uphungu naye afunika womuyang'anira

Zaka za m'mbuyomu, ophunzira ntchito ya uphungu ankauzidwa kuti munthu akapulumuka pangozi, mumukhazike pansi msangamsanga kuti afotokoze zonse zomwe waona, misozi ituluke, mtima upepuke. Kafukufuku anadzaonetsa kuti njirayi siteteza munthu ku matenda a maganizo, ndipo ena imawaonjezera ululu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pano limati tisamakakamize munthu kubwereza zomwe zamuchitikira. Buku lake la Psychological First Aid, lomwe linatuluka mu 2011, limati tione kaye ngati munthuyo ali pamalo otetezeka, timvetsere zomwe akufuna kunena yekha, kenaka timulumikize ndi abale ake, chakudya ndi chipatala.

Tsono taganizani za mlangizi yemwe anaphunzira njira yakale ija, palibe anamuuza kuti zinasintha, ndipo mu Marichi 2023 anapezeka pamsasa wa anthu opulumuka ku namondwe wa Freddy ku Chilobwe kapena ku Phalombe. Mtima wake ndi wabwino, sitifiketi yake ndi yeniyeni, koma zomwe akuchita zikhoza kuvulaza.

Ku mankhwala nakonso zinthu zimasuntha. Sodium valproate amathandiza ambiri odwala khunyu ndi matenda ena a maganizo, koma mu 2023 WHO inalangiza kuti asamaperekedwe kwa amayi ndi atsikana omwe angathe kutenga pakati, chifukwa akhoza kupundula mwana m'mimba. Ngati mwana wanu wamkazi akumwa mankhwalawa, asasiye mwadzidzidzi, poti kugwa kukhoza kubwerera mwamphamvu. Pitani naye kuchipatala mukakambirane. Koma mukapeza wachipatala yemwe uthengawu sunamufike, mukambirana chiyani?

Nchifukwa chake a Medical Council of Malawi komanso a Nurses and Midwives Council amafuna kuti ife achipatala tizisonkhanitsa mapointi a maphunziro opitiriza, omwe timawatcha CPD, kuti chiphaso chogwirira ntchito chikhalebe chamoyo. Lamuloli ndi labwino. Chondidetsa nkhawa ndi momwe ambiri timapezera mapointiwo: masiku atatu kuhotela, mapepala omata pakhoma, nkhuku masana, alawansi, chithunzi cha gulu, kenaka aliyense kwawo. Nthawi zina opita ndi omwewoomwewo, pamene amene amakhala ndi odwala tsiku ndi tsiku atsala akulondera chipatala. Ndipo mavolontiya a m'midzi, omwe mayi wovutika maganizo amayamba kuwafikira, palibe bungwe lomwe limawafunsa mapointi.

Maganizo anga ndi akuti ndalama zambiri za misonkhano yotere zipite kukulipirira kuyang'anira. Uphungu ndi luso la pakamwa ndi m'makutu, ndipo luso silikhazikika chifukwa chomva phunziro kamodzi. Munthu akhoza kulemba bwino pamayeso kuti wovutika maganizo ayenera kufunsidwa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, ndiponso kuti funsoli silimuika ganizo loipa m'mutu. Koma akakhala maso ndi maso ndi bambo wamsinkhu wa atate ake, lilime limalemera. Amayamba kuzungulira, kenaka n'kumaliza ndi "limbani mtima, zonse zikhala bwino." Cholakwa chotere sichioneka m'kaundula. Amachiona ndi munthu yemwe wakhala nawo m'chipindamo mwachilolezo cha wodwala, kapena yemwe wauza mlangiziyo kuti, "Tayerekezani kuti ine ndine bambo aja, ndifunseni."

Kuyang'anira kwenikweni n'kumeneko: kukumana kawirikawiri, kukambirana nkhani zovuta popanda kutchula maina, kuyeserera, ndi kugwirizana kuti uyu ndithana naye ndekha, uyu apite kuchipatala cha boma lero lomwe. Ndi malonso omwe mlangizi amatulako katundu wake. Womvetsera nkhani za nkhanza, ngongole ndi maliro sabata yonse amatopa mumtima, ndipo wotopa amayamba kudula odwala mawu kapena kungosiya ntchitoyo mwakachetechete.

Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsa zomwe zimatheka. Pulogalamu ya Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, inaphunzitsa agogo aakazi kuthandiza anthu kuthetsa mavuto awo pamagawo asanu ndi limodzi, atakhala pabenchi panja pa chipatala. Pakafukufuku wa m'zipatala 24 yemwe anasindikizidwa mu 2016, patatha miyezi 6 anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse omwe anakhala pabenchi ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 mwa omwe sanakhalepo. Ambiri amakonda kusimba za agogowo, koma amaiwala kuti kumbuyo kwawo kunali owayang'anira omwe amatha kuwaimbira foni nkhani ikakula.

Nanga woyang'anirayo anaphunzira kuti kuyang'anira? Kwathu kuno munthu amapatsidwa udindowu chifukwa wakhalitsa pantchito. Akafika pachipatala chaching'ono amawerenga kaundula, amaona mankhwala otsala, amasaina buku la alendo, galimoto n'kunyamuka. Wina amadzudzula mlangizi pamaso pa odwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo mlangiziyo sadzamuuzanso nkhani yomwe yamukanika. Kukonza mnzako popanda kumuchititsa manyazi ndi luso lapadera lofunika kuliphunzira ndi kulibwereza. Ukadaulo ulipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi m'makoleji a zaumoyo. Chofunika n'chakuti maphunziro afupiafupi a oyang'anira akhale achizolowezi, ndipo maola omwe munthu wathera akuyang'anira kapena kuyang'aniridwa aziwerengedwa mokwanira pa mapointi aja.

Ena ati mafuta a galimoto kulibe ndipo akatswiri ndi ochepa. N'zoona. Koma alangizi asanu akhoza kukumana pachipatala chawo kamodzi pamwezi kwa ola limodzi, namwino wa matenda a maganizo wa kuboma ali pafoni. Chosafunika ndi kuponya maina ndi zithunzi za odwala pagulu la WhatsApp.

Inu mavolontiya, bungwe likabwera kudzakuphunzitsani uphungu, funsani tsiku loyamba lomwelo kuti maphunziro akatha muzidzaonana ndi ndani, kangati, ndipo nambala yoimba usiku munthu akanena zodzipha ndi iti. Inu makolo, mukamapereka mwana wanu kwa wopereka uphungu, kaya ndi kusukulu, kumpingo kapena kuchipatala, muli ndi ufulu womufunsa kuti anaphunzira kuti, anapitanso kumaphunziro liti, ndipo nkhani ikamukulira amapita nayo kwa yani.