Mapu a napolo asamathere m'kabati



Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo anandiimbira foni. Anapeza ntchito ku Blantyre, wasungako kangachepe, ndipo munthu wina akumutsatsa puloti yotchipa m'mbali mwa phiri. "Aphunzitsi, ndigule?" Ine ndinamufunsa kuti mvula ikagwa pamwamba pa phirilo, madzi amatsikira mbali iti? Anakhala chete, kenako anaseka n'kunena kuti zimenezo anazisiya m'chipinda cholembera mayeso a MSCE.

Sindinaseke naye, chifukwa mlanduwo ndi wanganso. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyala mapu a 1:50,000 pa desiki, kuuza ana kuti masentimita awiri ndi kilomita imodzi, kuti mizere ya ma contour ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, ndipo ikapindika ngati V woloza kumtunda ndiye kuti pamenepo pali khwawa. Tinkajambula ndi pensulo mzere wodutsa pamsana pa mapiri, wogawa madzi: dontho likagwa mbali ino lipita mumtsinje uwu, likagwa mbali inayo lipita kwina. Ana ankakhoza ndithu. Koma sindinawauze mokwanira kuti V uja ndi msewu wa napolo.

Napolo si mlendo kwathu kuno. Anatsika m'phiri la Zomba mu 1946. Anatsika ku Phalombe mu Marichi 1991, kuchokera m'phiri la Michesi, n'kupha anthu mazanamazana. Ndiye mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Amene munaona zithunzi za phirilo mvula itatha munaona mikwingwirima yofiira yotsika m'makwawa. Matope sanasankhe njira yatsopano. Anatsata momwe madzi akhala akudutsa kuyambira kalekale, kungoti ulendo uno anapeza mitengo itatha, nyumba zitamangidwa.

Maganizo anga ndi awa. Malamulo tili nawo ambiri: lamulo la nkhalango la 1997, la madzi la 2013, malamulo a malo a 2016, ndi la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023. Akatswiri oyeza malo aliponso, ena mwa iwo ndi inu nomwe. Chosowa ndi chakuti mizere itatu iikidwe papepala limodzi: malire a dera limene madzi ake amathira mumtsinje umodzi, malo oopsa, ndi malire a mapuloti. Pakali pano wa zankhalango amayang'ana bikoni yake, wa zamadzi amayang'ana mtsinje wake, wogawa malo amayang'ana ndalama ya wogula. Madzi sadziwa kuti apa ndi pothera wodi ya khansala wakuti. Munthu akadula mitengo ku Ndirande, dothi limakathera m'damu la Mudi, ndipo amene sanagwireko nkhwangwa amavutika nawo.

Pepalalo likajambulidwa, lituluke mu ofesi. Limatidwe kwa amfumu, pamsika, kutchalitchi ndi kumzikiti, pasukulu, m'Chichewa chomveka, malo oopsa atapakidwa zofiira. Pansi penipeni pazikidwe zipilala zopenta, kuti wogula aone ndi maso kuti akuima mkati mwa mzere wofiira. Mapu amene ali mu kompyuta ya bwana mmodzi sangapulumutse mayi wogulitsa tomato amene akufuna pomanga kanyumba.

Ndikudziwa zimene ena munena, ndipo simukulakwa. Palibe amene amakwera phiri ndi njerwa pamutu chifukwa chokonda mphepo. Amakwera chifukwa lendi m'tauni yakwera ndipo puloti yapachidikha ndi ya anthu andalama. Mzere wofiira wopanda malo ena opitako ndi nkhanza chabe, ndipo anthu adzazula zipilala usiku n'kubwerera. Taona kale ku Chikwawa ndi Nsanje momwe anthu osamutsidwa amabwerera kumadimba chifukwa kumtunda kulibe cholima. Choncho amene akujambula malo oletsedwa ajambulenso, tsiku lomwelo, malo amene anthuwo apatsidwe, okhala ndi madzi, msewu ndi sukulu pafupi. Komanso mzerewo usamakhote ukafika pa mpanda wa munthu wolemera. Ukakhota kamodzi kokha, wosauka sadzaukhulupiriranso.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti asapereke ndalama kaye. Apite pamalopo, ayang'ane ngati pali miyala ikuluikulu yobulungira imene siikufanana ndi dothi lapamenepo, afunse agogo a m'deralo kumene madzi anadutsa mu 2023, ndiponso akafunse ku khonsolo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo. Anadandaula kuti wina amupitirira. Mwina amupitiriradi.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kutuluka ndi a Fomu 3, mapu m'manja, kuti tikatsate khwawa limodzi kuchokera pamsewu mpaka pamene layambira, tikuwerenga nyumba zimene zili m'njira yake. Mapu amene ndili nawo ndi akale, ong'ambika m'mapindiro. Inu amene mumagwira ntchito zoyeza malo, ngati muli ndi ena atsopano, mukudziwa kondipeza.