Dimba la pakhomo lisamatidyere ndalama

Achinyamata anzathu, makalabu ambiri akangoganiza zoyamba dimba, amathamangira kusitolo kukafunsa mtengo wa mbewu ya kabichi, feteleza ndi mankhwala opopera. Akamva mitengo amagwa mphwayi, nkhani ya dimba n'kuthera pomwepo. Ife tikuti dimba la pakhomo limapulumutsa ndalama pokhapokha likamadalira zinthu zimene tili nazo kale.

Tonse tikudziwa kuti feteleza amachokera kunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja inakwera. Koma phulusa, ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku ndi mapesi sizinakwere mtengo. Izi ndizo chakudya cha nthaka. Tisaotche zinyalala tikasesa. Tiunjike mapesi odula, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa mosanjikiza, tizithirira ndi kutembenuza. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu timakhala ndi manyowa. Tidikire kuti awolerane bwino, chifukwa ndowe zaziwisi zimawotcha mbewu ndipo zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Chachiwiri ndi mbewu. Ena amanyoza bonongwe, chisoso, luni, nkhwani ndi khwanya kuti ndi ndiwo za amphawi. Kodi umphawi uli pati, pa ndiwo zimene zimapirira tizilombo ndi kutipatsa mbewu yaulere, kapena pa mbewu ya haibulidi imene tiyenera kugula chaka chilichonse? Bonongwe timayamba kuthyola patangotha pafupifupi mwezi umodzi. Tikasiya mitengo ingapo kuti ikhwime, timapeza njere zokwanira kugawana kalabu yonse. Tiziumitse, tisakanize ndi phulusa, tisunge m'botolo lotseka bwino. Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere ndi Kaphulira, ili ndi vitamini A wambiri, masamba ake ndi kholowa, ndipo mbewu yake tingapemphe kwa anansi.

Nanga tizilombo? Madzi amene tanyikamo masamba osinja a nimu, tsabola kapena adyo usiku wonse amathamangitsa nsabwe za m'masamba. Mbozi tingazitole ndi manja m'mawa. Mpanda wa udzu kapena bango umatchinga nkhuku ndi mbuzi.

Tikudziwa kuti ena anena kuti, "Kwathu kulibe malo, ndipo madzi ndi ogula." Nkhawa imeneyi ndi yoona, makamaka m'malo othithikana monga Ndirande ndi Kawale. Komabe thumba lakale lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limabereka mpiru ndi anyezi pakhonde. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi mbale tisataye. Tithire pansi pa mbewu madzulo, osati pamasamba, ndipo tipewe madzi a sopo wambiri kapena ochapira matewera. Tikaphimbira nthaka ndi udzu wouma, chinyezi chimakhalitsa ngakhale mu Okutobala.

M'nyengo ya dzinja ndiwo zimachuluka mpaka kuonongeka. Agogo athu ankafutsa nkhwani ndi khwanya n'kusunga mfutso m'zikwatu. Tiwafunse atiphunzitse, kuti m'chilimwe tisamagule ndiwo.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja amene tikuwayendera. Masamba ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene thupi limafuna. Dimba silichiza HIV ndipo sililowa m'malo mwa ma ARV, koma munthu amene akumwa mankhwalawa amafunika kudya bwino. Ndalama ya ndiwo ikasungika, imasanduka ya mazira, ya usipa kapena ya thiransipoti yopitira kuchipatala pa tsiku lolandira mankhwala.

Tikupempha kalabu iliyonse ichite zinthu zitatu mwezi uno. Iyambe mulu umodzi wa manyowa. Membala aliyense abweretse mbewu yakwawo kuti tisinthane. Mlembi atsegule kope lolembamo ndalama imene banja lililonse likadagulira ndiwo tsiku limene lathyola m'dimba. Pakutha pa miyezi itatu tiwerengere pamodzi, ndipo kopelo lidzatiuza ngati dimba lapindula.

Paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tiyambe ndi bedi limodzi kapena thumba limodzi, ndipo kalabu imene yayamba itilembere kuti anzathu aphunzirepo.