Mpata wa amisiri athu uli pa nchito za boma

Mu August 2021 dziko linatsegula nyumba yatsopano pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mu Lusaka. Inadya madola 360 miliyoni a nkhongole yocokera ku China, ndipo anaimanga ndi a kampani ya China Jiangxi. Ndi yokongola, palibe angakane. Koma inu awerengi, chulani dzina la mwana wa m'dziko muno amene anatuluka pa nchito imeneyi ali ndi kampani yoti mawa n'kumanga nyumba ina yonga iyo.

Ku Atlanta, mzinda wa ku America kumene malemu Dr. Kaunda anakaonana ndi Martin Luther King mu 1960, nakonso anamanga bwalo la ndeke, koma nkhani yake inayenda mosiyana. Mu 1973 anthu anasankha Maynard Jackson kukhala meya, munthu wakuda woyamba pa mpandowo. Iye anapeza kuti pa nchito zonse zimene khonsolo inali kupereka, makampani a anthu akuda sanali kulandira ngakhale gawo limodzi pa 100, conseco akuda ndiwo anali oculuka mu mzindamo. Analamula kuti pa nchito ya bwalolo magawo 25 pa 100 apite kwa makampani a akuda ndi a mitundu ina yotsalira, ndi kuti makampani akuluakulu a azungu agwirizane nao monga eni anzao. Amalonda anakwiya koopsa. Jackson anaigwira nchitoyo osaiyambitsa kufikira anagonja. Nyumba yatsopanoyo inatsegulidwa mu 1980 pa nthawi imene anapangana, ndipo lero bwalolo lichedwa Hartsfield-Jackson.

Mmodzi wa amene analowa pa khomo limeneli anali Herman Russell. Anabadwa mu 1930, mwana wa mmisiri wopaka pulasitala, ndipo anaphunzira kugwira mpeni wa matope kwa atate ake akali kamnyamata. Ali ndi zaka 16 anagula kapuloti pa madola 125 namangapo nyumba ya mabanja awiri. Ndalama za lendi zinamuthandiza kulipira sukulu ya zomangamanga ku Tuskegee. Kucokera pa pulasitala anafika pomanga nyumba zalendi zambirimbiri, zina zake-zake. Kampani yake inagwira nao pa bwalo la ndeke lija, pa Georgia Dome ndi pa bwalo la masewera a Olympic a mu 1996. Anamwalira mu 2014, kampani ikali ciimire m'manja mwa ana ake.

Onani bwino apa. Pamene Jackson anatsegula citseko, Russell anali atagwira kale nchitoyi zaka makumi awiri. Lamulo silinam'patse luso. Linam'patsa nchito yaikulu yoyenera lusolo, imene khungu lake linali kum'mana. Ndipo nchito imodzi yaikulu yomalizidwa bwino ndiyo imacititsa banki kukhulupirira munthu ndi kum'kongoza ndalama yomangira zake.

Nthawi zina citseko cimatseguka cifukwa anthu acikankha. Mu 1990 akuluakulu a mzinda wa Miami anakana kulandira Nelson Mandela mwaulemu cifukwa ca ubwenzi wake ndi Fidel Castro. Akuda a ku America ananyanyala mahotela a kumeneko pafupifupi zaka zitatu. Cimodzi mwa zimene anapangana pothetsa mkanganowo cinali cakuti pamangidwe hotela yaikulu ya munthu wakuda, ndipo Don Peebles ndiye anamanga Royal Palm, imene inatsegulidwa mu 2002.

Kuno kwathu mau ofanana ndi a Jackson tili nao. Kwa zaka zoposa khumi boma lakhala likunena kuti kontrakitala wakunja wopatsidwa mseu azipereka magawo 20 pa 100 kwa nzika. Pa pepala n'zabwino. Koma aliyense amene anaimako m'mbali mwa mseu womangidwa adziwa zimene magawowo amatanthauza kawirikawiri: kukumba ngalande, kuswa miyala, kucheca udzu. Munthu angakumbe ngalande zaka khumi osaphunzira kuwerengera mtengo wa ulalo. Ena amalandira gawo lao cifukwa ca khadi la cipani, namaligulitsanso kwa mwini nchito yemwe uja. Kunena zoona, ngakhale ku America cinyengo cotere cinalipo, ca kuika dzina la wakuda kutsogolo ndalama n'kumalowa kwa mzungu. Koma kumene lamulo linagwira, wakuda anakhala nao pa tebulo pogawa phindu ndi posenza mlandu nchito ikalakwika. Apa ndi pamene ife tiperewera.

Ku Chadiza sitimanga bwalo la ndeke, koma khomo lathu lilipo. Ndalama za CDF zinali K1.6 miliyoni pa caka m'dera la phungu aliyense, ndipo mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni. Zimamanga makalasi, nyumba za aziphunzitsi, zipinda za amai oyembekezera ndi tiulalo. Kwa mmisiri wa kwa Mfumu Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala, mdadada wa makalasi atatu ndiye bwalo lake la ndeke.

Ndidziwa zimene ena adzayankha: wakwathu ukam'patsa ndalama yoyambira amagula galimoto, nyumba n'kuima pa mazenera. Zimacitika, ndipo wotere asapatsidwenso nchito, kaya ndi mphwake wa ndani. Koma amisiri ena amagwa cifukwa colipidwa mocedwa. Kampani yaikulu ingadikire miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amene anatenga simenti ndi malata pa nkhongole ku Chipata sangadikire, ndipo puloti yake ya kumudzi ilibe mapepala oti banki ilandire ngati cikole. (Ndiponso amisiri athu ambiri luso ali nalo m'manja, koma kudzaza mapepala a tenda ndi kulembetsa ku National Council for Construction kumawagonjetsa. Amene tinapitako kusukulu tiwathandize.)

Cimene ndipempha kwa a phungu, makhansala ndi komiti ya CDF n'cocepa. Pa bolodi la khonsolo pamatidwe maina a onse amene anapatsidwa nchito, kumene acokera, mtengo wake, tsiku limene anamaliza ndi tsiku limene analipidwa. Womaliza bwino makalasi apatsidwe cipatala caka cotsatira. Ndipo nchito ikakula kufuna kampani ya ku Lusaka, ibwere ndi pangano lolembedwa loti mmisiri wa m'boma lino ndi mwini mnzake, dzina lake lionekere pa cikwangwani ca pamalo a nchito.