MUTU UKAKULA SULEWA NKHONYA

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, mbendera inali ya eni dziko, koma ndeke za nkhondo zinali kulamulidwabe ndi azungu ocokera ku Britain. Dziko lobwereka alonda silinganene kuti khomo ndi lake. Cifukwa cace caka ca 1972 ndi cosaiwalika, pakuti ndi pamene a Peter Zuze anakhala Mzambia woyamba kutsogolera asilikali a mlengalenga.

Udindowo anaulandira pa nthawi yoopsa. Boma loukira la Ian Smith linatseka malire mu 1973, ndipo Zambia inali kusunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nayo. Mu 1976 Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, anaphatikiza magulu onse a asilikali pansi pa mkulu mmodzi, a Kingsley Chinkuli. Mu 1977 mpandowo unapatsidwa kwa a Zuze, munthu wa ndeke nayamba kulamulira ndi asilikali apansi omwe.

Tsoka linagwa pa 19 October 1978. Ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi kuopseza kuti ndeke za Zambia zisayese kuuluka. Anthu mazana anafa. Anthu wamba anafunsa mokwiya kuti alonda a mlengalenga anali kuti, ndipo pasanapite nthawi udindo unapita kwa a Benjamin Mibenge. Funsolo linali loyenera, pakuti wovala nyenyezi paphewa amasenza ndi mlandu womwe. Koma cilungamo cikuti pakumbukikenso kuti gulu limeneli linali lakhanda, pamene adani anali ndi ndeke ndi luso la zaka zambiri.

A Zuze sanataye khasu. Anakaimira Zambia ku London, kenaka ku United Nations mu New York, kumene mu 1987 anali kutsogolera bungwe loona za ufulu wa Namibia. Dzikolo linamasuka pa 21 March 1990.

Phunziro kwa atsogoleri a m'midzi ndi ili: mpando ndi wa anthu, wokhalapo ndi wantchito cabe. Aupatsidwe, augwire ndi manja awiri. Aucotsedwe, apite kumene dziko lamtuma popanda kudandaula. Ndipo kholo losunga mwana pasukulu lidziwe kuti likusula mlonda wa mawa, pakuti ndeke siuluka ndi nyimbo za pamsonkhano, koma ndi masamu.