Mayeso a ntchito asasanduke thangata

Mnyamata wina wa ku Mangochi, amene tidamuphunzitsa kumadrasa, adaitanidwa ndi kampani ina ku Blantyre kukayesedwa pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mayi ake adagulitsa usipa kuti apeze ndalama yoyendera. Atadikira pabenchi tsiku lonse, adauzidwa kuti alembe pulogalamu yowerengera katundu wa kampaniyo, akuti amenewo ndiwo mayeso. Adagwira ntchitoyo sabata yathunthu, intaneti akudzigulira yekha, ndipo adaitumiza. Papita miyezi itatu tsopano, kuli zii!

Ife tikuti ameneyu ndi thangata. Luso la munthu lingathe kuyesedwa m'maola ochepa. Koma ntchito ya sabata yonse, imene kampani ingathe kupindula nayo, iyenera kulipidwa. Surah 28 ya Qur'an ikutiphunzitsa kuti Mneneri Musa (AS) adauzidwa za mgwirizano wake ku Madyan, zaka 8 kapena 10, asanayambe ntchito.

Olemba ntchito, ngati munthu simunamutenge, muuzeni msanga kuti akayese kwina. Makolo, langizani ana anu kuti asanavomere mayeso otere azifunsa kutalika kwake, mwini wa pulogalamuyo, ndi tsiku lolandira yankho. Kufunsa zimenezi si mwano.